M'mawa wa chisanu pamwamba pa phiri la Mulanje

Kuno kwathu June ndi July ndi miyezi yongopirira. Ana amapita kusukulu milomo itang'ambika, madzi a mumtsuko amaluma mano, ndipo moni wa m'mawa amasanduka madandaulo a mphepo. Komatu ndi m'miyezi yomweyi mmene phiri la Mulanje limaonetsa nkhope imene limaibisa chaka chonse. Pamwamba pake, m'zidikha za udzu zimene zili pa mamita pafupifupi 2,000, masiku ena kumagwa chisanu chenicheni, chija chogwirika ndi manja. Udzu umagona uli wofiirira, n'kudzuka uli mbuu. Kuyerako sikuchedwa kutha. Dzuwa likangofika pamalopo, pakapita mphindi zochepa udzu uja umangotsala wonyowa, ndipo amene anadzikwirira m'bulangete kudikira kuti kunja kufunde amadzuka n'kumatsutsa kuti kunalibe kanthu.

Ambiri okwera phirili mtima wawo umakhala pa Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002, kuti akajambulitse pamalo okwera kuposa ena onse m'Malawi. Si zoipa. Koma chimene chimam'siya munthu kukamwa kuli yasa, n'kumukumbutsa kuti dziko lili ndi Mwini wake, chili m'munsi mwa nsongayo, padambo, m'bandakucha, ndipo sichifuna mphamvu zambiri. Chimafuna kudziwa usiku wake, malo ake, ndi kufika pamalopo thupi lili lofunda. Munthu amene akunjenjemera, zala zitachita dzanzi, sasinkhasinkha za Mlengi. Amaganiza za moto basi.

Usiku wake ndi malo ake

Kuzizira kwa pamwamba kumayamba ndi kutalika kwa phiri. Mukakwera mamita 1,000 mpweya umazizira ndi madigiri 6 kapena kupitirira pang'ono. Minda ya tiyi ya m'munsi ili pa mamita 600 mpaka 800, choncho pachidikha pamazizira ndi madigiri 8 kapena 9 kuposa pa boma. Ngati pa boma pafika madigiri 11 usiku, kumwambako ndi 2 kapena 3. Koma madzi saundana pa madigiri 3. Pali china chimene chimamalizitsa ntchitoyo.

Masana nthaka, miyala ndi udzu zimamwa kutentha kwa dzuwa, usiku n'kukutaya kumwamba. Kukakhala mitambo, mitamboyo imabwezera kutenthako pansi, ndipo dziko silizizira kwambiri. Thambo likakhala loyera, kutentha kumangopita osabwerera. Tsamba la udzu ndi lopyapyala, komanso laima patali ndi nthaka yofunda, ndiye limazizira msanga kuposa china chilichonse, mwina madigiri 3 mpaka 5 kutsika poyerekeza ndi mpweya umene uli pachifuwa pa munthu woimirira. N'chifukwa chake choyezera kutentha chopachika pakhonde chingaonetse 3 pamene udzu wa pabwalo wayera kale. Chinyezi cha mumpweya chikakhudza tsamba lozizira chotero sichiyamba chasanduka madzi ayi, chimangoundana pomwepo.

Mphepo imasokoneza zonsezi, chifukwa imasakaniza mpweya wozizira wa pansi ndi wofundirako wa m'mwamba. Usiku wa mphepo khungu limamva kuzizira koopsa, koma m'mawa udzu umapezeka uli bwinobwino.

Ndiye pali chiperoni. Anthu a ku Mulanje, Thyolo ndi Blantyre safuna kuuzidwa za icho: mphepo yozizira yachinyezi yochokera kunyanja yamchere, yodzera ku Mozambique kumene kuli phiri la Chiperone, yobwera ndi nkhungu ndi mvula yowaza. Chikhoza kukhala masiku awiri, atatu, nthawi zina sabata yathunthu. Chikadalipo chisanu sichigwa, pakuti thambo ndi lotsekeka. Koma chikamachoka chimasiya zonse zili m'malo: mpweya wozizira, nthaka ndi udzu zachinyezi. Usiku woyamba kapena wachiwiri thambo litayera ndiwo usiku wake. Zizindikiro zimaoneka madzulo. Mphepo imaleka dzuwa likamalowa, utsi wa pachumuni umakwera choongoka, nyenyezi zimatuluka zochuluka zedi, ndipo ikamati 8 koloko nsapato zimanyowa ndi mame mukangoponda paudzu. Ena amati mwezi ukawala kwambiri ndiwo umabweretsa chisanu. Mwezi ulibe mlandu. Umangooneka bwino chifukwa kulibe mitambo, ndipo kusowa kwa mitamboko ndiko kumaziziritsa dziko.

Mpweya wozizira ndi wolemera. Usiku wonse umatsetsereka kuchoka m'zitunda n'kukadikha m'malo otsika, m'madambo ndi m'mbali mwa timitsinje. Choncho wofuna chisanu asakwere chitunda, atsike. Pansi pa mitengo sipayera, chifukwa nthambi zimatchinga thambo. Funani dambo lotseguka, lolowa pakati, lopanda mtengo.

Phirili ndi lalikulu, masikweya kilomita pafupifupi 650, ndipo nyengo si imodzi mbali zonse. Mbali yoyang'ana kum'mwera, kumene kuli Lichenya, Madzeka ndi chigwa cha Ruo, ndiyo imayamba kulandira mphepo yachinyezi, ndiye nkhungu imakhalitsa. Chambe, Thuchila, Chinzama ndi Sombani zili kuseri kwa nsonga zazitali, ndipo thambo limayera msanga. Kwa wokwera koyamba, Chambe ndiye poyambira pabwino. Mumayambira pa ofesi ya zankhalango ku Likhubula, kumene mumalembetsa, kulipira, ndi kupeza wokuperekezani ndi onyamula katundu. Njira ya Skyline ndi chikweza chokhachokha cha maola 3 kapena 4. Ya Chapaluka imadzera kufupi ndi Dziwe la Nkhalamba, ndi yotalikirapo, koma ili ndi mthunzi ndi madzi. Nyamukani 9 koloko isanakwane, chifukwa mu June dzuwa limalowa cha m'ma 5:15 ndipo mdima suchedwa kutsatira. Nyumba zogonamo kumwambako ndi zamatabwa, zili ndi mlonda, posonkha moto, nkhuni ndi madzi a kumtsinje. Zofunda, chakudya ndi miphika ndi zanu. Kugona usiku umodzi ndi juga. Konzani awiri kapena atatu, kuti chiperoni chikakupezani mukhale ndi mpata wochidikira.

Ola limodzi lija

Dzukani 5 koloko itangopitirira, kudakali mdima. Valani zonse musanatsegule chitseko. Imwani tiyi wa shuga amene munasunga mufulasiki, ndipo tengani saka kapena kachidutswa ka mphasa kokhalira, chifukwa mwala wa m'mawa umayamwa kutentha kwa thupi msanga kuposa mpweya. Muuzeni wokuperekezani kumene mukulowera, ndipo musafike kumene nyumba sikuoneka. Mukafika zimitsani tochi. Maso amatenga mphindi pafupifupi 20 kuti azolowere mdima, ndipo kungosuzumira pafoni kamodzi kumabweza zonse poyambira.

Kumapeto kwa June, kum'mawa kumene mapiri sakutchinga, nyenyezi za Nsangwe zimakhala zitayambanso kuoneka patatha milungu zitabisika m'kuwala kwa dzuwa, ndipo mu July Akamwiniatsatana amatulukira pambuyo pake. Cha m'ma 5:40 thambo limayamba kutuwa. Iyi ndiyo nthawi yozizira kuposa ina iliyonse, osati pakati pa usiku monga ambiri amaganizira, chifukwa dziko lakhala likutaya kutentha maola 12 osalandira kanthu.

Choyamba mumamva mapazi anu. Udzu wouma ndi chisanu umathyoka tswa, tswa, ndipo phazi lililonse limasiya chidindo chakuda pa zoyera. Kenako gwadani. Chisanu cha patali ndi kuyera chabe, cha pafupi ndiye nkhani ina. M'mphepete mwa tsamba lililonse muli mzere wa tisingano ta madzi oundana, totalika milimita imodzi kapena awiri, tondondozana mpaka kunsonga, pamene pakati pa tsambalo pali tochepa. Pa ukonde wa kangaude, mame amene anayamba kugwa madzulo aundana dontho lililonse pamalo pake. Mukapumira pafupi, mpweya wa m'kamwa umasungunula kadera kakang'ono, tsamba n'kubwerera mtundu wake inu mukuona. M'timaenje ta pathanthwe mmene munatsalira madzi, pamwamba pamakhala kayezi kopyapyala, ka mizeremizere, kamene mungakanyamule ndi zala ziwiri n'kuonera kuwala kasanasungunuke. Mtsinje wokha ndiwo suundana. Umafuka nthunzi, chifukwa madzi ake ndi ofunda kuposa mpweya umene wagona pamwamba pake.

Ku Chambe dzuwa limayamba kugwira nsonga ya phiri. Khoma lamwala loyang'ana kum'mawa limafiira pamwamba penipeni, chigwa chonse chikadali mumthunzi. Mzere wa kuwala umatsika pang'onopang'ono, ndipo mutha kuutsata ndi maso mpaka utafika padambo, zimene m'chigwa zimachedwa kufika cha m'ma 7. Pamene wafika, chisanu chimang'anima kamphindi, n'kusanduka madontho, n'kuyamba kufuka. Koma kuseri kwa mwala uliwonse ndi chitsamba chilichonse kumatsala chithunzithunzi choyera, chofanana ndendende ndi mthunzi wa chinthucho, chimene chimafupika pamene dzuwa likukwera. Mbira zimatuluka m'mapanga kudzaothera pamiyala, pakuti matupi awo sasunga bwino kutentha. Timbalame toyamwa timadzi ta m'maluwa timayamba kuzungulira maluwa ofiira a aloe, amene amamasula nyengo yomweyi. Mukayenda kukafika m'mphepete mwa chidikha, masiku ena mumapeza dziko lonse la m'munsi litakwiririka ndi nkhungu yoyera yosalala, mapiri a Chiradzulu ndi Zomba okha atatulutsa mitu. Masiku opanda nkhungu maso amafika mpaka kunyanja ya Chilwa, chifukwa fumbi ndi utsi zimakhala zisanadzaze mumlengalenga.

Funso limene Yobu anafunsidwa

Salimo 147 limati Mulungu amawaza chisanu ngati phulusa. Amene anasesapo pamoto m'mawa, n'kudzaona dambo la Chambe pa 6 koloko, amavomereza kuti wolembayo anachiona ndi maso ake. M'buku la Yobu, mutu 38, Mulungu atayamba kuyankha munthu amene anataya zonse, sanam'fotokozere chifukwa cha mavuto ake. Anam'panikiza ndi mafunso, ndipo limodzi mwa mafunsowo ndi lakuti chisanu anachibala ndani. Likawerengedwa m'tchalitchi ku Nsanje mu October, anthu akudzikupiza ndi mabuku a nyimbo, funsoli limamveka la kutali. Padambo loyera limagwira munthu pamtima, chifukwa chinthucho chili paphazi pake ndipo sanachithandize kupanga ngakhale pang'ono.

Ena amaopa kuti kufotokoza mmene chisanu chimapangikira kumachotsa chodabwitsa chake. Amene anachiyang'anitsitsa amadziwa kuti kumachionjezera. Pafupifupi chinthu chilichonse chikazizira n'kulimba chimafinyika. Madzi amachita zosiyana: akaundana amafutukuka ndi gawo limodzi mwa magawo 11, n'chifukwa chake ayezi amayandama. Amalemera kwambiri ali pa madigiri 4, choncho m'dziwe madzi ozizira kupitirira apo amakhala pamwamba, dziwe n'kuyamba kuundana kuchokera pamwamba, tamoyo ta pansi tikupitiriza moyo wawo. Tisingano tija, mutationera pagalasi lokulitsa, timamera motsata mbali 6, chifukwa ndi mmene tizigawo ta madzi timagwiranirana. Palibe amene amayenda usiku kukonza tsamba limodzilimodzi, komabe masamba mamiliyoni osawerengeka amatsata lamulo limodzi, m'madambo amene mwina chaka chonse sipadutsa munthu, ndipo pofika 8 koloko zonse zafufutika. Ife timakongoletsa chinthu kuti tigulitse, kapena kuti anthu atione. Kuwolowa manja kokongoletsa chinthu chimene palibe adzachigule kapena kuchisunga ndiko kumam'khazika munthu pansi.

Amang'anja, Alhomwe ndi Ayao okhala mozungulira phirili sanadikire mabuku kuti adziwe kuti pamalopa pamafunika ulemu. Kwa iwo phirili ndi mudzi wa mizimu. Ku Dziwe la Nkhalamba makolo ankathira nsembe. Za Sapitwa amakamba za anthu amene anapita osabwerera, ndi za chakudya chimene munthu amachipeza panjira chitakonzedwa kale, choyenera kudya yekha osaitana mnzake. Madzi akagumula phiri, monga zinachitikira ku Phalombe mu March 1991, amati wadutsa Napolo. Mu July 2025 bungwe la UNESCO linaika phirili pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi, ndipo chimene linayang'ana kwambiri ndi chikhulupiriro chimenechi, osati kutalika kwa nsonga. Alipo ophunzira amene amaseka nkhanizi, aliponso opemphera amene amazitcha za ziwanda. Munthu akhoza kukana za chakudya cha mizimu, koma asataye chimene chagona pansi pa nkhanizo: kuti kuphiri ndiwe mlendo, suchita chipongwe, supita wekha, ndipo sulimbana ndi nkhungu. Mwambo umenewu wapulumutsa anthu ambiri kuposa nsapato zodula.

Tisaiwalenso kuti chisanu chomwechi n'chimene mlimi wa ku Dedza kapena ku Tsangano amachiopa. Madzi a mkati mwa tsamba la tomato, nyemba kapena mbatata ya kachewere akaundana amaphula tizigawo ta tsambalo, ndipo pofika masana dimba limakhala lakuda, lofota. Wamulowa m'thumba usiku umodzi. Kukongola kwa chisanu si kofatsa, ndipo ulemu umene chimadzutsa mumtima uli ndi mantha mkati mwake. Amene amafuna Mulungu wa maluwa okhaokha, nyengo yozizira imam'phunzitsa zina.

Zokapemphera kuphiri zafala masiku ano, ku Soche, ku Ndirande, ku Bunda, ndipo ku Mulanje nako magulu amakwera. Mpingo wa CCAP uli ndi nyumba ya alendo ku Likhubula ndi kanyumba kena pa Lichenya. Kwa magulu otere pali zinthu ziwiri. Choyamba ndi phokoso. Gwirizanani madzulo kuti mphindi 15 zoyamba padambo pasakhale woyankhula, wojambula kapena woyambitsa kolasi. Imani motalikirana, aliyense payekha. Nyimbo ibwere dzuwa litafika, ndipo idzamveka mwa mtundu wina. Chimkuzamawu chitsale kunyumba. Asilamu amakhala atadzuka kale pa nthawi yake chifukwa cha swala ya m'bandakucha. Madzi odziyeretsera afunditse pamoto, ndipo manja ndi mapazi apukute bwino asanatuluke panja.

Chachiwiri ndi kusala kudya. Kusala pamwamba pa Mulanje mu July ndi kuika moyo pachiswe. Thupi limadzitenthetsa ndi chakudya, ndipo kunjenjemera kumene kumamaliza msanga mphamvu zimene thupi linasunga. Salani kunyumba, mumasule musanayambe kukwera.

Zimene zimalakwika

Usiku wa chisanu suvulaza munthu amene ali m'nyumba ndi zofunda. Choopsa ndi chiperoni chikakupezani panjira, madigiri ali 5 kapena 8 okha, koma zovala zanyowa ndipo mphepo ikuomba. Madzi amachotsa kutentha m'thupi kuwirikiza ka 25 kuposa mpweya. Kutentha kwa thupi kukatsika kuchoka pa 37 kufika pansi pa 35, munthu amanjenjemera osaleka, amaphunthwaphunthwa, amalephera kumanga zingwe za nsapato kapena kutseka zipi, mawu amayamba kukoka, ndipo amakwiya kapena kusiya kusamala kanthu. Mwini wake sazindikira. Amazindikira ndi anzake. Akasiya kunjenjemera koma akadali wozizira ndi wosokonezeka, zafika poipa. Mum'bise ku mphepo, mum'vule zonyowa, mum'goneke pa chinthu chomulekanitsa ndi nthaka, mufunditse chifuwa, khosi ndi mutu, ndipo mnzake agone naye m'zofunda zomwezo. Ngati akutha kumeza yekha, apatsidwe tiyi wa shuga wambiri. Musam'tikite manja ndi miyendo, musam'kankhire pafupi ndi moto, ndipo kachasu ayi: mowa umatsegula mitsempha ya pakhungu, munthu n'kumamva kufunda pamene kutentha kukuthawa m'thupi.

Ku Sapitwa zonsezi zimakula. Kuchoka pa nyumba yogonamo ya Chisepo ndi maola 3 kapena 4 pamatanthwe otsetsereka ndi pakati pa miyala ikuluikulu. M'mawa wa chisanu, timadzi toyenderera pamwala timaundana m'malo a mthunzi, osaoneka, n'kumaterera koopsa. Nkhungu ikabwera zizindikiro za penti zosonyeza njira zimasowa nthawi yomweyo. Mu July 2009 mnyamata wina wa ku Brazil anapitirira yekha kunsongako wopanda womuperekeza, nyengo inasintha, ndipo thupi lake linapezeka patapita pafupifupi milungu itatu, atafa ndi kuzizira. Pangani lamulo musananyamuke, kuti 12 koloko ikakwana musanafike mubwerera, ndipo wokuperekezani akati tibwerere, musakambirane.

Zovala zikhale zosanjikiza, osati chijasi chimodzi chachikulu. Mkati jezi ya mpira imaposa malaya a thonje, chifukwa imauma msanga pamene thonje limasunga thukuta. Pakati juzi yaubweya, kunja jekete lotchinga mphepo ndi mvula. Zonsezi zimapezeka pa kaunjika. Jinzi isiyeni, ikanyowa siuma. Onjezani chipewa chophimba makutu, magolovesi, ndi sokosi mapeyala atatu, peyala imodzi yogonera yokha. Cholakwika chofala ndi kukwera Skyline mutavala zonse poopa kuzizira: thukuta limanyowetsa juzi, ndipo mukangoima pamwamba limakusandukirani. Kwerani mutavala zopepuka, mukafika sinthani pomwepo musanayambe kumva mphepo. Zosinthira zikhale mujumbo yomanga mkati mwa chikwama. Pogona, kuzizira kumachokera pansi, ndiye bulangete loyala pansi musalinyoze. Botolo la madzi otentha lokulunga mu sokosi limafunditsa mapazi mpaka pakati pa usiku. Foni igone nanu m'zofunda, chifukwa batire ikazizira imatha msanga. Mbaula ya makala isalowe m'chipinda chotseka kapena mu tenti. Mpweya wake woipa ulibe fungo, umapha munthu ali m'tulo.

Pa mamita 2,000 madzi amawira pa madigiri 93, osati 100, ndiye nyemba zouma zimatha nkhuni za mlonda zisanapse, ndipo mpunga umafuna mphindi zoonjezera. Nsima ilibe vuto. Tengani ufa theka la kilogalamu pa munthu patsiku, soya, usipa kapena matemba, mafuta, mtedza wokazinga, shuga ndi masamba a tiyi. Mbatata ndi nyengo yake: ikwirireni m'makala madzulo, mudzadye m'mawa pochoka padambo.

Powerengera chakudya ndi zofunda, werengerani wokuperekezani ndi onyamula katundu. Katundu wa munthu mmodzi asapitirire makilogalamu 18, ndipo musananyamuke ku Likhubula afunseni ngati atenga juzi ndi bulangete. Ena amakwera ndi patapata ndi malaya amodzi poopa kutaya ganyu. Kukweza manja padambo kutamanda Mlengi pamene amene anakunyamulirani ufa wagona akunjenjemera kuseri kwa nyumba ndi chinyengo.

Amene miyendo sikuwalola kukwera sanatsekeredwe kunja. Ku Nyika, m'madambo ozungulira Chelinda, chisanu chimagwa nyengo yomweyi ndipo kumafika galimoto. Chimodzimodzi ku Chikangawa ndi m'madambo okwera a ku Dedza. Malamulo ake ndi omwe aja: thambo loyera, mphepo italeka, malo otsika, dzuwa lisanafike.

Zitsa ndi moto

Wokayenda ku Mulanje ndi maso otseguka sangabwere ndi chimwemwe chokhachokha. M'zigwa zimene kale munali nkhalango za mkungudza mwatsala zitsa. Mtengo umenewu sumera mwachilengedwe kwina kulikonse padziko lapansi koma paphiri lino, ndipo unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984. Matabwa ake ndi onunkhira ndipo chiswe sichiwadya, n'chimene chinaupachika. Ngakhale phirili ndi nkhalango yotetezedwa kuyambira 1927, ofufuza atawerenga mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha. Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, a zankhalango ndi midzi yozungulira akhala akubzala mbande zambirimbiri, koma mkungudza umakula mochedwa, ndipo mdani wamkulu wa mbandezo ndi moto.

Apa chisanu chimalowanso. Udzu umene wayera m'mawa ukaundana kangapo umauma gwa, ndipo pofika kumapeto kwa July dambo lonse limangodikira machesi amodzi. Ndudu yotaya, moto wowotchera mbatata panja, kandulo ya mapemphero yosiyidwa pamwala, chilichonse mwa izi chikhoza kutentha ntchito ya zaka zingapo masana amodzi. Moto ukhale m'nyumba pamalo ake. Musam'pemphe mlonda nkhuni za mkungudza chifukwa cha fungo lake, ndipo timabokosi ta mkungudza togulitsa m'misewu musagule, pakuti wogula ndiye amatumiza macheka kuphiri.

Kuyambira pakati pa August moto wa tchire umabuka m'munsi monse, utsi umadzaza mumlengalenga, Chilwa saonekanso, ndipo usiku umayamba kufunda. Ulendo wa chisanu ukonzedwe pakati pa sabata yachiwiri ya June ndi mapeto a July, makamaka masiku amene mwezi uli mumdima ngati mukufunanso kuona Mlalang'amba madzulo. Funsaninso ku Likhubula tsiku la mpikisano wothamanga wa onyamula katundu, umene umachitika mu July chaka ndi chaka, chifukwa tsiku limenelo njira ya Skyline imadzaza ndipo operekeza ambiri amakhala ali pa mpikisanowo.